Mlandu wa Mkuyu wa pa Zilibwino

M'dziko la Tavomera, kumene munthu akafuna kuyetsemula amayamba wacheuka, munkalamulira mfumu dzina lake Sindilakwa Wachinayi. Ankati Wachinayi chifukwa atatu am'mbuyo mwake nawonso sanalakwepo. Mfumuyi inali ndi nthenda imodzi yomwe asing'anga onse a kunyumba yachifumu anailephera. Inkadzuka m'mawa uliwonse ndi nkhawa yoti penapake, kuseri kwa phiri linalake, kuli munthu amene sakuikonda mokwanira.

Tsiku lina inaitanitsa nduna zake zonse ku likulu, mumzinda wa Ombani. Ndunazo zinalowa chokwawa, monga mwa mwambo, n'kuyamba kuomba m'manja mfumu isanatsegule n'komwe pakamwa. Kumeneko mawu a mfumu amawaombera m'manja asanatuluke, kuopa kuchedwa.

"Akuluakulu amandikonda, zimenezo ndaziona," inatero mfumu. "Koma ana. Dzulo ndikudutsa pagalimoto, kamwana kena kanandiyang'ana kakudya chimanga chootcha. Sikanasiye kutafuna."

Nduna zinagwira pakamwa. Ina inagwetsa misozi yeniyeni, ndipo zinzake zinaichitira nsanje chifukwa mfumu inaiona. Kenaka anasendera kutsogolo chogwada a Kanyambita, Nduna ya Maphunziro ndi Kuthokoza, munthu amene sukulu anaisiyira mu Sitandade 5 ndipo mpaka tsiku limenelo anali asanaikhululukire.

"Mwini dziko, mwini mvula, mwini mpweya tikupumawu," anatero a Kanyambita, "vuto la ana ndi loti sakuonani pafupipafupi. M'kalasi amaona bolodi, amaona mphunzitsi, amaona abuluzi. Mwana amakonda chimene chili pamaso pake. Tiyeni tiike nkhope yanu m'kalasi iliyonse."

Umu ndi mmene linabadwira Lamulo la Nkhope. Linkati kalasi iliyonse ikhale ndi chithunzi cha mfumu, ndipo m'kalasimo musapezeke kanthu kokwera kuposa chithunzicho. Linkatinso kuyambira belu loyamba mpaka teni koloko ana aziphunzira Chikondi, ndiko kuti kuloweza mayina makumi anayi otamanda mfumu, maso ali pachithunzi. Masamu ndi kuwerenga zizibwera pambuyo, ngati nthawi yatsala. Wodetsa chithunzicho, kapena wolola kuti chide, apite ku Kawongoleni, kumsasa kumene ankawongolerako anthu opindika maganizo.

Nduna ina yachikulire, ya Zomangamanga, inafunsa za denga, poti denga limakhala pamwamba pa zonse. Anakambirana masiku awiri, n'kupeza kuti denga, la malata kapena la udzu, ndi wantchito wa mfumu, ntchito yake ndi yofanana ndi ya ambulera. Anawonjezera zimenezo m'lamulo. Yofunsayo anaithokoza kwambiri, n'kuitumiza ku Kawongoleni.

Lamulolo linafika pamsika wa Nong'onani tsiku Loweruka, mthenga atakwera pathebulo la wogulitsa matemba. Anthu anaomba m'manja mwamphamvu ndithu, pakuti m'mbali munali anyamata a malaya achikasu, a gulu la Maso a Mfumu, omwe ntchito yawo inali kuona amene akuomba mofooka. Mthenga atachoka, mayi wina wogulitsa tomato anafunsa chapansipansi.

"Chithunzicho chibwera ndi mabuku?"

"Chibwera ndi msomali, mayi," anayankha wokonza njinga, maso ali patcheni.

"Basi ana athu aphunzira."

Pamsikapo panalinso Mayi Nagama, mphunzitsi wa Sitandade 2 pasukulu ya pulayimale ya Zilibwino, atabwera kudzagula mchere. Iwo sanaseke nawo. Ankaganiza za khoma lokhomapo msomaliwo, chifukwa kalasi yawo inalibe khoma.

Pa Zilibwino makalasi ena anali m'zisakasa za udzu zomwe makolo anamanga kalekale. Koma Sitandade 2 inali ndi ana zana limodzi ndi khumi ndi anayi, nanga chisakasa chanji chikanawakwana? Kalasi yawo inali mkuyu waukulu wa pakati pa bwalo, woti anthu asanu atagwirana manja sakanauzungulira. Mthunzi wake unkakwana ana onse, ndi mbuzi ziwiri za ahedi zomwe zinkabwera kudzamvera nawo. Bolodi ankalitsamiritsa pathunthu. Mayi Nagama anali ataphunzitsa pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankadziwa muzu umene pamakhala olongolola ndi muzu umene pamakhala ogona. Ana a chaka chimenecho anabwera osadziwa kugwira pensulo, koma iwo anali atawafikitsa pa ba, be, bi, bo, bu. Analumbira mumtima kuti mvula isanagwe, mwana aliyense adzawerenge yekha chiganizo chathunthu. China chomwe ankafuna m'dziko la Tavomera panalibe.

Chithunzi chinafika Lolemba, cha galasi, mfumu itavala chipewa cha nthenga, ikumwetulira ngati munthu amene wangomaliza kudya nkhuku ya eni. Anabwera nacho ndi ahedi, a Chikakuda, atachinyamula ndi manja awiri. Ahediwa anali munthu wabwino koma wamantha, woti wailesi ikatchula mfumu ankaimirira ngakhale ali kubafa. Mayi Nagama anakhoma msomali pathunthu la mkuyu, pamwamba pa bolodi, n'kukolekapo chithunzicho.

Phunziro la Chikondi linayamba. Sindilakwa Mwinimvula, Sindilakwa Wodzutsa Dzuwa, Sindilakwa Wolozera Mitsinje Njira, Sindilakwa Bambo wa Amasiye ndi Osakhala Amasiye, mpaka mayina makumi anayi, kenaka kuyambiranso. Ana ankaimba ngati achule, osadziwa chomwe akunena. Teni koloko ikangokwana, Mayi Nagama ankatola choko mwaliwiro n'kubwerera ku ba, be, bi. Nthawi inali yochepa, komabe inalipo.

Sabata yachitatu kunafika njinga yamoto. Anatsika a Kamtosa, Woyendera Chikondi m'Masukulu, bambo wamfupi wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, tepi yoyezera ili m'thumba. Pambuyo pawo panabwera anyamata awiri achikasu, ndodo zili m'manja.

"Ana inu, mumakonda ndani?" anafunsa a Kamtosa.

"Mfumu Sindilakwa."

"Kuposa amayi anu?"

Ana anayang'ana Madamu awo. Anyamata achikasu anagogoda ndodo pansi kawiri.

"Kuposa amayi athu."

"Amene kwawo saomba m'manja wailesi ikatchula mfumu, akweze dzanja."

Palibe anakweza, kupatula kamtsikana kena komwe kanati kwawo kulibe wailesi. A Kamtosa analemba dzina la bambo ake, ati kusowa wailesi ndi njira ina yozembera kuomba m'manja. Atatseka kabuku kawo anayang'ana chithunzi, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka, tsoka ilo, anapitiriza kukweza maso.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Mtengo, bwana. Mkuyu."

"Uli pamwamba pa ndani?"

"Ndi denga lathu, bwana. Paja lamulo likuti denga ndi wantchito wa mfumu."

"Denga la malata kapena la udzu. Za masamba mwaziwerenga pati?"

Anatulutsa tepi, n'kuuza mnyamata mmodzi kuti akwere nayo. Tepi inatha mtengo usanathe. A Kamtosa anati kudzikweza kotere sanakuonepo chiyambireni ntchito.

"Ndibweranso pakatha masabata awiri," anatero akuliza njinga yawo. "Ndidzapeze mfumu ili pamwamba, kapena mtengo uli pansi."

Fumbi la njinga lisanathe, ahedi anali atafika kale, akupukuta thukuta.

"Madamu, tingodula basi. Mtengo si m'bale wanu."

"Ahedi, ana zana limodzi ndi khumi ndi anayi muwaika m'thumba mwanu? Okutobala sali kutali. Padzuwa limenelo ndi mwana wa ndani angaphunzire kuwerenga?"

"Nanga titani?"

"Bwana aja anena zinthu ziwiri. Ife tichite choyambacho."

Mlonda wa pasukulupo, a Lufeyo, anali wofula njuchi, kukwera mitengo kunali kudya kwawo. Anadula nsungwi yaitali, n'kumangirira chithunzi kunsonga, n'kukwera nayo mpaka panthambi yomaliza. Mfumu inatulukira pamwamba pa tsamba lililonse, moti inkaoneka ngakhale munthu ali kuchigayo. Nthawi ya Chikondi ana ankatuluka mumthunzi, n'kuima pabwalo makosi ali chagada, kuimbira kadontho konyezimira kumwamba. Ankabwerera makosi akuwawa, maso akulira, koma ankabwerera mumthunzi. A Kamtosa atabwera anazungulira mkuyu katatu, ndipo anachoka nkhope ili gwaa, poti woyendera wosapeza cholakwa amaoneka ngati sakugwira ntchito.

Masabata atatu kunali mtendere. Ana anachoka pa ba ndi bu, anafika pa bowa ndi buku. Ena ochenjera anayamba kuwerenga zolembedwa pamatumba a feteleza. Mayi Nagama anayamba kunyada, ndipo pamsika anthu ankawapatsa moni wa manja awiri.

Chimene anaiwala ndi chimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa, chakuti nkhuyu zikapsa, mbalame zimabwera. Zinabwera njiwa, apumbwa, akhwangwala ndi zina zosadziwika mayina. Mbalame sizinamveko za Lamulo la Nkhope. Zinangoona kuti pamwamba pa mtengo wawo wina waziikira kathabwa kabwino kopumirapo zikakhuta. Ndipo mbalame yokhuta nkhuyu mukuidziwa zimene imachita.

Munthu ali pansi sakanaona kanthu. Koma a Kamtosa anabweranso, ulendo uno atakoleka m'khosi magalasi oonera patali omwe unduna unali utangowagawira oyendera onse. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenaka anapereka magalasiwo kwa ahedi. Ahedi anayang'ana, n'kukhala pansi padothi pomwepo. A Lufeyo atatsitsa nsungwi, aliyense anadzionera yekha. Kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, mfumu inali itadzola zoyera zosakanikirana ndi timbewu ta nkhuyu. Koma inali ikumwetulirabe.

Anyamata achikasu anatha masiku awiri akusaka olakwa ndi malegeni. Anapha njiwa imodzi, koma panalibe umboni woti ndi yomweyo. Mlandu suola, ndipo wa nkhope ya mfumu sukanangotha ndi njiwa.

Madzulo a tsiku lachitatu, ana ataweruka, ahedi anawapeza Mayi Nagama akufufuta bolodi.

"Madamu, a Kamtosa anena mosabisa. Mbalame zathawa, mwatsala awiri. Inu amene munakweza mfumu kumene kumadyera mbalame, ndi mtengo umene unaitana mbalamezo. Mmodzi apita."

"Mtengo ungalakwe bwanji, ahedi?"

"Nanga inu mwalakwa? Kuno mlandu sufuna wolakwa, umafuna wousenza." Ahedi anacheuka kaye, ngakhale pabwalo panali mbuzi zokha. "Mukuwakumbuka a Gwaza, aja ankaphunzitsa sayansi? Anangonena kuti mvula imachokera m'mitambo. Anabwerako ku Kawongoleni patatha zaka ziwiri, mano anayi palibe, ndipo mpaka lero tambala akalira amaomba m'manja. Mawa akakufunsani, unenereni mtengowo. Mukapita inu, audulabe."

Mawu omalizawo mwina anali oona, mwina ayi. Mayi Nagama anapita kwawo atatsimikiza mumtima kuti akanena zoona, zoti anakweza chithunzi ndi iwo, ndi nzeru zawo, pofuna kuti ana akhale ndi mthunzi.

Kutacha, pa Zilibwino panafika galimoto zisanu ndi imodzi, a wailesi ya ufumu, ndi Nduna Kanyambita eni ake. Panafikanso lole ya ku Kawongoleni, ya waya m'mazenera, n'kuima pafupi ndi mbendera osazimitsa injini. Makolo anawasonkhanitsa khomo ndi khomo. Ana anawandandalika padzuwa. Mpando wa anduna anauika mumthunzi wa woimbidwa mlandu, poti mthunzi wina wokwana munthu wa mimba yotere panalibe.

A Kamtosa anawerenga milandu itatu ya mkuyu: kudzikweza pamwamba pa mfumu, kusunga zigawenga za mapiko, ndi kubala zipatso popanda chilolezo. Anafunsa ngati woimbidwa mlandu ali ndi chonena. Anadikira mphindi imodzi, n'kulemba kuti wakana kuyankha.

"Ana inu, mdani wa mfumu ndani?"

"Mkuyu," anayankha ana onse pamodzi, monga anawaphunzitsira anyamata achikasu dzulo lake, ndodo zili m'manja.

"Mboni yotsatira ndi mphunzitsi wa kalasi imeneyi."

Mayi Nagama anaimirira, n'kukonza chitenje. Mawu omwe anakonza anali pamlomo ndithu. Anayang'ana mkuyu, anayang'ana ana awo akuphenira maso padzuwa. Kenaka woyendetsa lole anaponda mafuta pang'ono, injini inabangula, ndipo chitseko cha kumbuyo chinatseguka. M'katimo munali mdima ndi chidebe chimodzi pakona.

"Mtengo uwu, bwana, ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero Mayi Nagama. "Sindinaumvepo ukutamanda mfumu ngakhale kamodzi."

Anduna anaomba m'manja, ndipo bwalo lonse linaomba nawo.

"Pitirizani, mayi."

"Ana akamaimba mayina a mfumu, iwo umangoti zii. Nthawi zina umagwetsa masamba."

"Dala?"

"Dala, bwana."

"Ndiye chithunzicho anakweza ndani?"

"Ndinakweza ndine, bwana, koma unachita kundikakamiza ndi mtengowu. Ukanakhala wodzichepetsa, sindikanakweza."

Anali mawu ochititsa manyazi, ndipo woyamba kudziwa zimenezo anali mwini wake. Anakhala pansi osayang'ana aliyense. A Kanyambita anaimirira, n'kulankhula ola lathunthu za adani obisala omwe amadzionetsa ngati opereka mthunzi. Anati ngakhale makolo athu anauzindikira kale mtengo umenewu, n'chifukwa chake anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anagamula kuti udulidwe, ndipo ana aziimba mpaka ugwe, kuti aphunzirepo za mathero a odzikweza. Atatero anakhalanso pampando wawo mumthunzi muja kudikira zoziziritsa kukhosi.

Nkhwangwa zinalira masiku atatu. Ana anaimba mayina makumi anayi aja mpaka mawu kusasa, Mayi Nagama akuwatsogolera. Mkuyu utagwa nthaka inagwedezeka, ndipo ana ena analira. Anyamata achikasu anatulutsa mapensulo, kufunsa kuti akulira chiyani. Mayi Nagama anawayankhira kuti ndi chimwemwe. Mitengo yodulayo anaipakira mu lole ya ku Kawongoleni, kuti isabwerere yopanda kanthu.

Loweruka pamsika wa Nong'onani anthu anali ndi zokamba.

"Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu," anatero wokonza njinga, akupopa tayala. "Adya ndi ena, wauluka ndi wina, wafa ndi wina."

"Komabe chilungamo chaoneka," anatero wa matemba mokweza, poti mnyamata wachikasu ankadutsa. Atadutsa anawonjezera, "Mawa tikasumire phiri."

Mayi Nagama atafika pa mayi wa tomato uja, yemwe ankagulitsira pansi pa kamtengo ka mango, sanalandire moni wa manja awiri. Mayiyo anawaikira tomato m'jumbo mwaulemu wonse, n'kunena motsitsa mawu.

"Madamu, musaime nthawi yaitali pafupi ndi mtengo wangawu. Mthunzi ndikuufunabe."

Makolo anati amange chisakasa chachikulu, ndipo anayamba kumweta udzu. A Kamtosa anawaletsa. Ati popeza denga ndi wantchito wa mfumu, denga latsopano liyenera kulumbiritsidwa kaye ndi unduna, ndipo madenga odikira kulumbira analipo ambiri moti la Zilibwino lidzafikiridwa pakatha zaka zitatu. Udzu uja unadyedwa ndi chiswe.

Koma unduna sunaiwale Zilibwino. Patangotha sabata kunafika malata anayi atsopano, onyezimira, oyamba kufika pasukulupo chimangireni. Amisiri anazika mitengo inayi pafupi ndi chitsa cha mkuyu, anakhoma malatawo, n'kukoleka pansi pake chithunzi chatsopano. Malata amenewa analumbira tsiku lomwelo. Anazunguliza chingwe kuti ana asayandikire, kuopa fumbi la kumapazi kwawo. Madzulo wailesi inalengeza kuti mfumu, mwa chifundo chake, yamangira ana a Zilibwino kalasi yamakono.

Okutobala anafika ndi ukali wake wonse. M'mawa ana ankabwera onse, chifukwa anyamata achikasu ankaitana mayina nthawi ya Chikondi, ndipo mwana akajomba, bambo ake ankakayankha ku ofesi. Teni koloko ikakwana anyamatawo ankapita kukakhala pakhonde la golosale. Nthawi yowerenga inkayamba dothi litatentha moti mwana sakanakhalapo. Ana ankaima ndi mwendo umodzi, kusinthanitsa mapazi, makope ali pamutu. Bolodi linkanyezimira osaoneka zolembedwa. Tsiku loyamba awiri anatuluka kamfuno. Tsiku lachitatu wina anakomoka ali pakati pa mawu akuti buku. Amayi anayamba kumabwera teni koloko yeniyeni kudzatenga ana awo, ndipo ndani akanawaletsa? Sabata yachiwiri ankatsala makumi awiri. Sabata yachitatu ankatsala asanu, ndipo asanuwo Mayi Nagama anawauza okha kuti azipita.

Lolemba lotsatira, Chikondi chitatha, pabwalo panatsala iwo okha ndi chithunzi. Anati atole choko chawo azipita, koma ahedi anathamanga kudzawaletsa.

"Madamu, chonde. Lamulo likuti phunziro silithera panjira mfumu ili m'kalasi. Pitirizani mpaka belu."

"Ndiphunzitse ndani, ahedi?"

Ahedi anayang'ana pansi, n'kubwerera ku ofesi.

Mayi Nagama anaima padzuwa, thukuta likuyenderera m'khosi. Mkwiyo unawadzaza, wokwiyira anduna, a Kamtosa, ahedi, koma makamaka pakamwa pawo pomwe. Analemba pabolodi zilembo zikuluzikulu, n'kutembenukira kwa yekhayo amene anali mumthunzi.

"Tiyeni, bwana, mwatsala nokha. Nenani pambuyo panga. Ba."

Mfumu inamwetulira.

"Be. Musachite manyazi, ena anayamba ali akulu kuposa inu. Bi."

Sanamve kuti njinga yamoto yaima kuseri kwa chisakasa cha Sitandade 4. Atacheuka anapeza a Kamtosa ali chilili, kabuku kali m'manja. Mayi Nagama anaona lole ija m'maganizo mwawo. Choko chinagwa pansi.

A Kamtosa anayenda pang'onopang'ono kuzungulira bwalo lopanda munthu. Anatchera khutu. Anayang'ana kumwamba kopanda tsamba. Kenaka anavula chipewa.

"Mayi, ndayendera sukulu mazana awiri," anatero, mawu akunjenjemera ndi chisangalalo. "Kalasi yotere sindinaionepo. Palibe wolongolola, palibe wogona, palibe wofunsa mafunso. Palibe kanthu pamwamba pa mfumu. Ndipo mphunzitsi maso ake onse ali pa mfumu yokha. Izi ndi zimene unduna wakhala ukufuna."

Lipoti lawo linafika ku Ombani, ndipo nduna zinaliombera m'manja lisanawerengedwe. Litawerengedwa, mfumu inalamula kuti sukulu zonse za m'dziko la Tavomera zitengere chitsanzo cha Zilibwino, ndi kuti mitengo yonse ya m'masukulu ifufuzidwe. Koma popeza Tavomera ndi dziko la chilungamo, mtengo sungadulidwe popanda mboni. Mayi Nagama anawaveka mendulo, n'kuwakweza paudindo kukhala Mboni Yaikulu ya Milandu ya Mitengo. Mendulo ya mfumu sakana. Anawapatsa mpando wa kutsogolo m'galimoto ya unduna, ndipo lole ya ku Kawongoleni inkatsatira pambuyo kulikonse kumene ankapita, kudikira kunyamula nkhuni, kapena mboniyo, ikasintha mawu.

Sukulu yoyamba inali ya Mwayiwatha, kutsidya kwa mtsinje. Anafika cha m'ma leveni. Pakati pa bwalo panali mtengo waukulu wa mango, ndipo pansi pake panali ana osachepera zana, atakhala mumthunzi wozizira bwino. Mphunzitsi wawo anali mtsikana wongochoka kumene kukoleji, choko chili mbuu m'manja. Ataona galimoto, nkhwangwa ndi anyamata achikasu, anagwada. Koma kamtsikana kena komwe kanali pabolodi sikanaone kanthu, chifukwa kanapereka msana. Kanali kuwerenga mokweza, chala chikuyenda pansi pa zilembo.

"A-ma-yi... a-pi-ta..."

"Mboni Yaikulu," anatero a Kamtosa, akutsegula kabuku kawo, "mtengo uwu mukuuona bwanji?"

Milomo ya Mayi Nagama inkayenda limodzi ndi ya kamwanako.

"Mayi, bwalo likudikira."

"Bwana, tadikirani pang'ono. Mwanayo amalize chiganizo."

A Kamtosa anayang'ana wotchi yawo, n'kunena kuti apereka mphindi imodzi. Kumbuyo injini ya lole inkalira.

"...ku-mu-nda," kanamaliza kamtsikanako, n'kutembenuka kakumwetulira, kudikira kuti wina akaombere m'manja.

Mayi Nagama anakaombera, okha, katatu. Kenaka anakweza dzanja n'kuloza mtengowo.